Mkono wanga pa khadi la achemwali

Ku komboni kumene tinakulira, pa pulazi ina ya fodya cha ku Darwendale, mbali ya ku Harare, munthu ukadwala sunkayamba kuganiza za chipatala. Unkayamba kuganiza za tikiti. Tikiti inali kakhadi kokhala ndi nambala yako, kamene kapitawo ankachonga m'mawa uliwonse ukafika pa ntchito. Nyumba zonse za mu komboni zinali za pulazi, ndiye tikiti ikakhala masiku angapo osachongedwa ankakuuza kuti utulutse katundu, mulowe wina wamphamvu. Ife tinalibe kumudzi koti n'kuthawirako. Agogo athu aamuna anachoka ku Ntcheu wapansi ali mnyamata, bambo athu anabadwira mu komboni, ifenso chimodzimodzi. Za ku Malawi tinkangozimva pa maliro, akuluakulu akamatchula kwawo kwa womwalirayo.

N'chifukwa chake tinali ndi mwambo wathu. Wina akagona, m'bale wake ankalowa pa tikiti yake. Unkapita kukayankha nambala yake, n'kugwira mugwazo wake, ntchito imene amupimira tsiku limenelo. Kapitawo ankadziwa koma ankayang'ana kumbali, poti iye ankafuna mizere ithe, nkhope analibe nazo ntchito. Palibe amene ankati limeneli ndi bodza. Ine ndinalowa pa tikiti ya amayi ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, iwo atathyoka mwendo. Chaka chimene ndinapita padera n'kugona milungu itatu, achemwali anga ankamaliza mugwazo wawo n'kuyamba wanga, mpaka manja awo anatuluka matuza. Pulaziyo itasintha mwini ntchito yokhazikika inatha, tonse tinasanduka aganyu, koma lamulo la nyumba silinasinthe.

Achemwali ankandiposa ndi zaka zinayi. M'shedi yosankhira fodya munalibe wowaposa. Ankangogwira tsamba ndi zala ziwiri, osaliyang'ana n'komwe, n'kuliponya pa mulu wake. Pakamwa pawo panalinso pakuthwa. Ankakonda kuuza anthu kuti ine pobadwa ndinatsogoza pakamwa, mutu unachita kubwera mawa lake, ndipo shedi yonse inkafa nako kuseka ine ndili pomwepo. Ndinkakwiya, koma sankanama.

Amuna awo, amene ankayendetsa thirakitala, anamwalira atadwala nthawi yaitali, n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chisanathe, achemwali anayamba kutha thupi. Diresi lawo la kutchalitchi, limene kale linkawathina m'mapewa, anayamba kuligwira ndi mapini. Galimoto ya azaumoyo itabwera pa sukulu kudzayeza magazi, tinapita tonse awiri. Ine anandipeza ndilibe kachilombo, iwo anawapeza nako. Anawapatsa khadi, n'kuwauza kuti pakatha milungu iwiri apite ku kiliniki ya kumsewu waukulu akawerengedwe asilikali a m'thupi. Chiwerengero chimenecho ndicho chikanene ngati ayambe ma ARV kapena ayi. Masiku amenewo mapilitsi anali ochepa, sankapatsa aliyense.

Ife tinazimva mmene anthu a mu komboni akanazimvera. Moyo wathu wonse, pakakhala mzere ndi munthu wonyamula buku, osankhidwa ankakhala amphamvu. Pa geti kapitawo ankatiyang'ana mikono ndi mayendedwe, wotsokomola ankamubweza. Sitinaonepo chinthu chabwino chikuperekedwa kwa munthu chifukwa choti wafooka. Kunkamvekanso mphekesera yoti mapilitsiwo ndi aukali, wofooka akamwa amangotsirizika. Ndiye m'mutu mwanga zinali zoonekeratu kuti achemwali akapezeka ndi asilikali ochepa awabweza, ati kuwapatsa n'kutaya mankhwala. Sindinafunse aliyense. Amati safunsa anadya phula. Wosafunsayo ndinali ine, koma phulalo anadya ndi achemwali.

Tsikulo litakwana, anali atatsegula m'mimba mlungu wathunthu. Ngakhale ku mjigo sankafika, ndipo ku kiliniki unali ulendo wa maola awiri wapansi. Ndinawapeza ali gone pa mphasa, mwana atapita kusukulu.

"Ndipatseni khadilo," ndinatero. "Ndikulowereni."

Anadzutsa mutu. "Iwe, wapenga? Magazi si mugwazo."

"Saka, ndiye mukufuna mukafike kumeneko chokwawa, akakuoneni, akakubwezeni? Ine ndikapereka mkono, alemba kuti muli ndi simba, ndinu amphamvu, mapilitsi atuluka, ndibwera nawo. Basi."

"Hameno, kaya," anatero. "Mtima wanga sukufuna."

Apa m'pamene ndinatsegula pakamwa panga paja. Ndinawakumbutsa matuza a m'manja mwawo. Ndinawafunsa ngati iwo okha ndiwo ali ndi ufulu wolowera anzawo. Ndinawafunsa kuti mwanayo akufuna atsale ndi ndani. Ndinalankhula mpaka anatembenukira kukhoma, n'kuloza ndi chibwano pa Baibulo pamene ankasunga khadilo. Ndikufuna zimenezi zimveke bwino, chifukwa ndinakhala zaka zambiri ndikudziuza kuti tinagwirizana. Sitinagwirizane ayi. Iwo anakana, ine ndinawagonjetsa.

Ku kiliniki sizinavute ngakhale pang'ono. Anesi anali ena, osati aja anabwera pa sukulu. Chitupa sanafunse, poti theka la anthu a m'mapulazi tinalibe zitupa, khadilo ndiye linali munthu. Anaitana dzina la achemwali, ine n'kuyankha monga ndinkayankhira nambala pa geti. Anandimanga kachingwe pamkono wamanzere, n'kudzaza kabotolo kamodzi. Anati tidikire, zotsatira zituluka tsiku lomwelo.

Owerenga asilikali anali bambo ena a imvi zapatalipatali, ochokera ku Chinhoyi. Ankabwera nthawi ndi nthawi ndi bokosi lawo, n'kuyala zida pa tebulo m'kachipinda ka kumbuyo. Kunkatentha, chitseko anachisiya chotsegula, ndipo ine ndi maso anga osakhazikika ndinayamba kusuzumira. Atandiona sanandithamangitse.

"Huyai muone, amai," anatero, akundikodola. "Awa ndi anu."

Anandionetsa zonse pang'onopang'ono, ngati munthu wonyadira munda wake. M'magazimo anathiramo timadzi tokhala ndi tinthu tating'onoting'ono tonga fumbi la chitsulo. Anati tinthu timeneti timakakamira asilikali okha, zina zonse timazisiya. Kenako anaimika kabotoloko pa maginito. Patapita kanthawi m'mbali mwa kabotolo munaoneka kabanga kofiirira, pamene maginito anakokera fumbi lija pamodzi ndi asilikali. Magazi ena onse anawakhuthula, n'kutsuka, n'kukhuthulanso, mpaka munatsala kabangako kokha.

"Nanga si kusankha fodya kumeneku?" ndinatero.

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Anandiuza kuti kale magazi ankayenera kupita ku Harare, ku makina aakulu okwera mtengo, ndipo nthawi zambiri ankafika ataonongeka ndi dzuwa la m'njira. Njira iyi inkangofuna tebulo, maginito, makina oonera tinthu tating'ono ndi maso a munthu. Anati tsopano ngakhale anthu a m'mapulazi awerengedwa. Anali munthu wabwino, ndipo ntchito yake anaigwira molondola. Anawerenga bwino lomwe magazi amene ndinamupatsa.

Anadontheza pa kagalasi, n'kundiuza kuti ndiike diso pa makina oonera aja. Ndinaona timadontho tambirimbiri, ngati nthanga za fodya zitamwazika pa nsalu. Kenako anakhala pansi, diso pa makina, m'dzanja muli kachitsulo kowerengera kamene ankakadina ndi chala chachikulu. Ka, ka, ka, ka, osapuma. Mulungu andikhululukire, ndinamva kukoma. Ndinaima pamenepo mtima uli m'malo, ndikuti achemwali apambana.

"Masoja enyu akawanda," anatero polemba, kundiyamikira kuti asilikali anga ndi ambiri. "Makorokoto."

Anesi anayang'ana nambalayo n'kumwetulira. Ankalankhula Chishona mofulumira, koma ndinamva chilichonse. Anati ndili bwino kwambiri, ndizidya mokwanira, ndidzabwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

"Nanga mapilitsi?" ndinafunsa.

"Mapilitsi si anu panopa, amai. Timayamba ndi amene asilikali awo atsika kwambiri. Inu mukadali kutali." Anajambula kamzere pa pepala ndi cholembera, n'kundionetsa kuti olandira ndi a pansi pa mzere, ine ndili pamwamba penipeni.

Pamenepo ndiye pamene ndikanalankhula. Pakamwa panga, pamene sipanatsekekepo chibadwire, panauma gwa. Kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu mpaka panja, ena a mu komboni mwathu. Ndinaganiza za apolisi, ndinaganiza za chitupa chimene ndinalibe, ndinaganiza kuti khadilo aling'amba pomwepo, achemwali n'kufufutidwa m'buku mpaka kalekale. Ndinalandira khadi ndi manja awiri, n'kuthokoza.

Nditafika kunyumba ndinawafotokozera zonse, osabisa. Anatenga khadilo, n'kuyang'ana nambala ija, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Ndiye ndachira," anatero atapuma.

Achemwali amene ankandikumbutsa zolakwa za chaka chatha ndi dzana, sanandiuzepo ngakhale kamodzi kuti ndinakuuza. Ndikanakonda akanandilalatira.

Tinagwirizana kuti akapezako mphamvu apite okha, akanene kuti akufuna kuwerengedwanso. Mphamvuzo sizinabwere. Patatha milungu isanu tinabwereka ngolo ya ng'ombe kwa bambo ena a ku mapuloti, kumene anthu amalima minda yawoyawo, n'kuwagoneka pa matumba. Tsiku limenelo anesi anali okha, odwala ali mbwee pakhonde ponse. Anayang'ana khadi, anayang'ana achemwali, n'kubwereranso pa khadi. Anati asilikali alipo ambiri, mwina ndi m'mimba chabe, ndipo fumbi lowerengera lija ndi lochepa, munthu sabwerezedwa miyezi yake isanakwane. Anatipatsa timapaketi ta mchere ndi shuga ndi mapilitsi ena oyera. Ndinakoka mpweya kuti ndinene. Achemwali ananditsina pantchafu. Pa benchi ya kumbuyo kwathu panali mkazi wa kapitawo, atabwera ndi dzino.

"Ukanena pamaso pa uja, mawa tigona panja," anandinong'oneza tili pa ngolo. "Akakumanga, mwana atsala ndi ndani?" Anandibwezera funso langa lomwe lija.

Ndiye tinadikira. Ine ndinkagwira matikiti awiri, yanga ndi yawo, kuti nyumba isapite. Mvula yoyamba itagwa, m'kamwa mwawo munatuwa zilonda, ngakhale phala linkawalepheretsa kumeza. M'mawa wina ndinawaona akuyesa kuluka mwana wawo tsitsi, zala zija zimene zinkadziwa tsamba lililonse zikulephera kugwira chipeso. Ndinavala nsapato, osawauza kumene ndikupita.

Ndinadikira mpaka mzere unatha, n'kulowa, n'kuika khadi pa tebulo. Ndinauza anesi kuti mkono umene anabaya tsiku lija unali wanga, mwini khadi ali kunyumba akufa. Ndinali nditakonzeka kutukwanidwa. Iwo anangokhala pansi, n'kugwira kumutu.

"Maiwe," anatero chapansipansi. Kenako anafunsa, "Mu komboni mwanu, alipo ena anachita zimenezi?"

Ndinkadziwa awiri. Ndinawatchula. Sanaitane apolisi, khadi sanang'ambe. Zonse zimene ndinkaopa miyezi itatu yathunthu panalibe ndi chimodzi chomwe.

Bambo a maginito aja anabwera mlungu wotsatira, ife n'kubwerekanso ngolo. Anandizindikira, koma ulendo uno sanandiitane kuti ndidzaone. Ndinaima panja pa kachipinda kaja, nditatsamira khoma, ndikumvetsera kachitsulo kawo. Ka. Kenako zii. Ndinadikira. Ka. Ndinamva mpando ukukhwekhwereza, akusuntha kagalasi, akufunafuna. Kanalira kangapo konse, kochepa moti ndinawerenga ndi zala, kenako sikanalirenso. Atatuluka anandidutsa, n'kubwerera, n'kundigwira paphewa, n'kupita kwa anesi.

Mapilitsi anatuluka. Anesi anachita kuthamangitsa mapepala okha, ndipo zimenezo sindidzaiwala. Achemwali anamwa masiku asanu ndi anayi. Tsiku lakhumi tinkaokera fodya kumunda wa kudambo. M'mawa ndinayankha nambala yanga, kenako ndinayankha yawo, kapitawo n'kuchonga zonse ziwiri. Dzuwa lili paliwombo ndinaona mayi wa nyumba yoyandikana nafe akubwera m'mizere, chitenje chili m'manja, osathamanga. M'buku la pulazi, tsiku limene achemwali anamwalira analembedwa kuti anali pa ntchito.

Pa maliro anthu ananong'onezana. Ambiri anali atamva za nambala yoyamba ija, kuti mayiyu magazi ake anali amphamvu, ndiye zatheka bwanji kuti athe m'miyezi itatu? Nyengo yosankha fodya itafika, malo a achemwali pa benchi anapatsidwa mkazi wa kapitawo, ndipo anthu anati apo ndiye pagona nkhani. Mayi uja sanali wokondeka, koma sanalodze munthu. Ine ndinkadziwa, ndipo ndinakhala chete. Mwana ndinamutenga, anakulira m'manja mwanga, akumva nkhani yoti amayi ake anachita kulodzedwa. Akakumana ndi mayi uja ku mjigo sankamupatsa moni, ine n'kumangomuyang'ana.

Masiku ano zinthu zinasintha. Munthu akapezeka nako amayamba mankhwala osadikira mzere uja. Awiri ndinawatchula aja, mmodzi ali moyo mpaka lero, ali ndi zidzukulu. Mwana wa achemwali anakula, anakwatiwa ku Chinhoyi, amagulitsa tomato ndi anyezi pa msika. Chaka chatha, ali ndi pakati pa mwana wake woyamba, anabwera Loweruka lina masana osandiuza. Atamwa madzi anatsegula chikwama n'kutulutsa khadi lija. Analitenga m'Baibulo la amayi ake pamene ankakwatiwa, ine osadziwa.

"Mainini," anatero, momwe amandiitanira chiyambire, kutanthauza mayi wamng'ono, "ndinawaonetsa anesi a ku sikelo khadi ili. Akuti manambala awiriwa sangakhale a munthu mmodzi. Akuti ngakhale matenda atakula bwanji, sizitsika chonchi."

Ndinayang'ana khadilo. Inki inali itafufuma, koma manambala onse awiri ankaoneka, yaikulu pamwamba, yaing'ono pansi, onse pansi pa dzina limodzi. Mwanayo anakhala moyang'anana nane, manja ali pamimba, nkhope yeniyeni ya achemwali. Ndinamuuza. Ndinayambira pa tikiti, ngakhale ankaidziwa kale, chifukwa ndinkafuna njira yaitali. Ndinamuuza za mphasa, za Baibulo, za maginito, za ngolo. Ndinamuuza kuti mkazi wa kapitawo sanalakwe kanthu. Sanandidule mawu ngakhale kamodzi.

Nditamaliza anafunsa, "Amayi anavomera?"

Bodza linali pafupi, lofewa, ndipo palibe akanalitsutsa. "Anakana," ndinatero. "Anati magazi si mugwazo. Ndinawakakamiza ndine."

"Mkono uti?"

Ndinatambasula wamanzere. Anaugwira, n'kuyang'ana pa chigongono pamene palibe ngakhale kachipsera, n'kuusiya. Sanalire. Anafufuza m'chikwama, n'kutulutsa cholembera chimene amalembera mitengo ya tomato, n'kundipatsa pamodzi ndi khadilo.

"Lembani dzina lanu apa," anatero, chala chili pa nambala yaikulu ija. "Amayi atsale ndi yawo."

Ine sukulu ndinalekeza giredi faifi. Ndinatsamiza khadi pa bondo n'kulemba chilembo chimodzichimodzi, iye akudikira. Nditamaliza analiuzira kuti inki iume, n'kulibwezera m'chikwama. Ndinamuperekeza mpaka pa msewu. Kombi itaima anakwera, n'kukhala mbali ya kutali ndi kumene ndinaima.

Mwana wake anabadwa mwezi wa mvula, wamkazi. Ndinamva kwa anthu.